Chimene Ndinabisira Zikwakwa

Linga la Tarren Point,
Maine.
2 Novembala 1703.

Okondedwa achemwali anga a Tabitha,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Nathaniel ndi ana onse kumeneko ku Salem. Ine ndili moyo, manja ndi miyendo zonse zilipo, ndipo ndikudya ngati munthu wocheka matabwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti mbiri ya zimene zinatigwera mu Ogasiti inakufikani kale, ndipo mbiri ikamayenda imanenepa panjira. Makalata anu awiri ndinalandira, pamodzi ndi bulangete ndi singano zija. Ndachedwa kuyankha chifukwa zimene ndikufuna kukuuzani si zopatsira munthu wamba. Ndadikira mpaka ngalawa ya a Gideon Pell itabwera kudzatenga nsomba zouma, poti iwowo sadziwa kuwerenga ndipo za eni sazitsata. Mukawerenga muiponye pamoto.

Zoti nyumba yanga inapsa n'zoona. Zinapsa nyumba khumi ndi imodzi ndi chigayo, ndipo ng'ombe zambiri zinaphedwa. Koma mwa anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu a mudzi uno, palibe ndi mmodzi yemwe amene tinamuika m'manda. Abusa amene anabwera pambuyo pake analalikira kuti Mulungu anatsegula maso a mkazi wamasiye, naona mabwato a adani atabisidwa m'bango. Ine ndinakhala pa benchi nditazolika, anthu n'kumati Keziah ndi wodzichepetsa. Anali manyazi, achemwali. Sindinaone bwato ngakhale limodzi. Ndinanama.

Khalani pansi ngati mwaimirira. Mwana wanga Damaris, uja anatengedwa ndi adani, ali moyo.

Linali Lolemba masana. Ndinapita ndekha kukathyola mabulosi a m'tchire kukasupe wa kuseri kwa dambo, paja pali mtengo waukulu wa mphako. Nditawerama ndinamva ngati wina akundiyang'ana. Potembenuka ndinaona mkazi wa Chiabenaki, mtundu uja wa eni dziko lino, ataima chapafupi, tsitsi lolukidwa, kamtanda kali m'khosi, khanda lomangidwa pa kathabwa kumsana kwake. Chapatali pakati pa mitengo panali mwamuna atamanga nsalu yofiira kumutu, nkhope atalozetsa kwina. Dengu linandipulumuka. Ndinati basi, zimene zinachitikira mwamuna wanga Josiah zaka khumi ndi chimodzi zapitazo zandipeza nanenso.

"Amayi," anatero mkaziyo.

Mawuwo anatuluka movutikira, ngati chitseko chimene chakhala nthawi yaitali chisanatsegulidwe. Ndinayang'ana pachibwano pake, ndipo chipsera chija chinalipo, cha tsiku limene anagwera pa mphika kwanu ali ndi zaka zinayi. Zaka zonsezi ndinkakonza zimene ndidzanene ndikadzamuona. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Wadya?"

Anaseka, kasekedwe ka bambo ake kenikeni, kenako tonse tinalira. Chingerezi chake chatha, achemwali, amachita kufunafuna liwu lililonse ngati munthu wotola singano mu udzu. Anati tsopano amamutcha Agat. Anamasula mwana n'kundipatsa. Ndi wamkazi, wa miyezi isanu, dzina lake Malian. Ankanunkhira utsi ndi mafuta a chimbalangondo, ndipo anagwira chingwe cha chipewa changa n'kuyamba kuchiyamwa osandiopa n'komwe.

"Tiye kunyumba," ndinatero.

"Kunyumba ndili nako, amayi. Sindinabwerere zimenezo. Mverani. Kukubwera anthu ambiri, athu ndi Afalansa. Masiku atatu asanathe afika. Lowani m'linga nonse. Kudambo kukamweta udzu musapite."

"Si tinapangana mtendere mu Juni momwemu?"

"Mafumu a kutsidya kwa nyanja ayambananso. Ndiponso athu sanaiwale chimanga chimene asilikali anu anatentha, ndi amuna amene anawamanga atabwera kudzakambirana."

Athu, anu. Mawu awiriwo anandilasa kuposa nkhani ya nkhondoyo. Ndinaloza mwamuna uja ndi maso.

"Ndi Atian, bambo wa mwanayu. Wandipalasira bwato masiku asanu kuti ndidzakuuzeni. Anzake akadziwa amupha."

"Nayenso adzakhala nawo pobwerapo?"

"Sangakane. Ndi abale ake."

Ndinafunsa chimene sindikanatha kuchimeza. "Tsiku limene anapha bambo ako, iyeyu analipo?"

"Anali mwana ngati ine. Amene analipo ndi amalume ake. Ndi omwewo amene anandibereka kumsana masiku khumi pa chipale chofewa, mapazi anga atatupa." Anatambasula manja n'kutenganso mwana. "Zonse ziwiri n'zoona, amayi. Ine ndinatopa n'kuzilekanitsa."

Sitinakhalitse. Mkamwini wangayo anaimba kaluzu, Damaris n'kumangiriranso mwana. Anandichonderera kuti ndisauze munthu kuti ndamuona, poti akawalondola ndi agalu sangathamange ndi khanda. Asanalowe m'mitengo, Atian anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha, nagwedeza mutu. Ndi mnyamata woonda, wa maso odekha. Moni wathu unali womwewo.

Pobwerera ndinaiganiza nkhaniyo mbali zonse. Ndikanena zoona, asilikali awatsatira. Ndikati ndalota, kapena mtima wandiuza, inu a ku Salem mukudziwa bwino chimene chimachitikira mkazi wamasiye wodziwa zinthu zisanachitike: amamutcha mfiti n'kumupachika. Chinatsala ndi bodza. Ndinathamanga mpaka pachipata cha linga, pamene Sajeni Obadiah Stoneham, mkulu wa asilikali athu asanu ndi atatu, anali atakhala pa chitsa akusema supuni. Ndinamuuza kuti ndaona mabwato a adani m'bango.

"Mabwato angati, Mayi Hollet?" anafunsa.

"Khumi ndi anayi." Kumene ndinatenga chiwerengero chimenecho sindikudziwa mpaka lero.

Anatuma asilikali awiri kubango, ndipo anakapeza akakowa okhaokha. Komabe anaombetsa mfuti yochenjezera, nati, "Kuli bwino andiseke ali amoyo." Ndinamupempha kuti atumize uthenga kutsidya kwa mtsinje, kumudzi wa Dunmow. Apo anakana. "Kusekedwa ndi mudzi umodzi kwandikwana, mayi. Tione kaye mawa."

Linga lathu simunalionepo. Ndi nyumba imodzi ya zipika zochindikala, zipinda zinayi, yozingidwa ndi mpanda wa mitengo yosongola. Taganizirani anthu onsewo, nkhuku, nkhumba, ana olira, ndi kutentha kwa Ogasiti. Lachiwiri linadutsa popanda kanthu. Lachitatu chimodzimodzi. Tsono udzu wa m'dambo la mchere umamwetedwa masiku ochepa okha pamwezi, madzi a m'nyanja akaphwera, ndipo masiku ake anali omwewo. Popanda udzuwo ng'ombe sizingaone mapeto a chisanu. Amuna sankadandaula pachabe.

Wotsogolera kung'ung'udza anali Hezekiah Penwill, amene ali ndi ng'ombe zambiri kuposa aliyense. Ndikamadutsa ankakweza mawu kuti, "Mabwato a Mayi Hollet aja ngati anali ndi mapiko, eti anzanga? Akuti ena anaikira mazira." Anthu n'kumaseka. Lachitatu dzuwa litapendeka, Sajeni anagonja. Anati m'mawa mwake tikatha kupemphera chipata chitsegulidwa, amuna apite kukamweta.

Madzulo omwewo anthu onse anatuluka pabwalo kukapemphera. Ine ndinatsalira m'nyumba kuti ndiyang'anire Mayi Abishag Crocombe, amene anathyoka m'chiuno chaka chatha ndipo sadzuka. Mukuwakumbuka, ndi aja sanandipatse moni zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa nkhumba yanga inadya kabichi wawo. Zikwakwa zonse zisanu ndi zinayi zinali zitatsamira khoma pakhonde, zonola kale. Ndinaziyang'ana, ndinayang'ana bedi la Mayi Crocombe lomwe ndi lalitali ndiponso lotchingidwa ndi nsalu mpaka pansi. Ndinayamba kututa ziwiriziwiri.

"Keziah, ukundikonzera maliro?" anatero.

"Chonde, mayi, musakweze mawu."

Anandiyang'anitsitsa ndikukankhira zikwakwa pansi pawo. "Mabwato sunawaone iwe. Maso akowo saona ngakhale nkhumba yako ili m'munda mwa eni masana dzuwa likuswa mtengo." Kenako anatsitsa mawu. "Wamuona mwana, eti?"

Ndinangogwada pomwepo, chikwakwa chili m'manja.

"Wakula?"

"Ali ndi mwana wake."

"Nanga za Micah wanga sananene?"

Achemwali, ndinali nditaiwala. Micah wawo anatengedwa tsiku limodzi ndi Damaris, ndipo ine m'chimwemwe changa sindinamufunse n'komwe. Ndinawauza zoona. Anatembenukira kukhoma nthawi yaitali, ine n'kumati basi andiulula. Kenako anati, "Kankhira mkati chachitalicho, mpini ukuonekera."

Lachinayi m'mawa kunali chipwirikiti. Amuna anasaka zikwakwa m'khola, padenga, mpaka anatsitsa mbedza m'chitsime. Wina ankanena asilikali, asilikali ankanena ana, ana anakwapulidwa osalakwa, ndipo zimenezo zimandiwawa. Potsiriza Hezekiah Penwill analowa m'chipinda chathu n'kuyamba kuwerama.

"Hezekiah Penwill," anatero Mayi Crocombe, "ine ndinakusambitsa tsiku limene unabadwa, unali wofiira ngati nkhanu yophika. Lero wakula mpaka kusuzumira pansi pa bedi la mkazi wodwala? Kaitane mkazi wako adzaonerere."

Anatuluka chambuyo makutu ali psuu. Dzuwa linali litakwera ndithu pamene anati iye akatenga chikwakwa chakale kunyumba kwake, wofuna amutsate. Dzanja lake linali kale pa mpiringidzo wa chipata pamene mlonda wa pamwamba anafuula kuti kuli utsi. Inali nyumba yanga, poti ndiyo yoyandikira dambo. Tinadzaona pambuyo pake malo amene adani anagona mu udzu womwewo umene amuna ankafuna kukamweta. Anabisala kuyambira m'bandakucha kudikira omweta, ndipo atatopa anayamba kutentha.

Za nkhondoyo sindilemba zambiri. Adaniwo anali ngati zana limodzi. Kunabwera Mfalansa atanyamula nsalu yoyera pa ndodo, nati tikatsegula palibe amene aphedwe. Sajeni anamuyankha ali pamwamba pa mpanda kuti, "Bwana, muno tadzaza kale, pogona palibe. Mukayese kwina." Kenako mfuti zinayamba. Akazi ena ankasungunula mbale zathu za mtovu kupanga zipolopolo, ena ankakwera padenga ndi mabulangete onyowa kuzimitsa mivi ya moto. Ine anandiika pambali pa Sajeni kuti ndizimuthirira wonga m'mfuti, iye akuombera pa kabowo ka m'khoma.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Mfuti iliyonse imene ndinkamupatsa ikanatha kupha bambo wa Malian, munthu amene anapalasa masiku asanu kudzandipulumutsa. Maganizo anandibwerera oti ndizichepetsa wonga kuti chipolopolo chisafike patali. Koma kumbuyo kwanga kunali ana makumi awiri atagona pansi. Ndinathira wonga wokwanira nthawi zonse, Mulungu andikhululukire mbali zonse ziwiri. Chakumasana munthu wina womanga nsalu yofiira kumutu anagwa pansi pa mtengo wa maapozi wa a Penwill. Sajeni anati, "Ameneyo sadzukanso." Anzake anamukoka n'kupita naye. Nkhope sindinaione. Omanga nsalu zofiira analipo angapo, koma mtima sudziwa kuwerenga.

Mvula itayamba chakumadzulo adani anachoka. Kwathu Sajeni anang'ambika khutu ndi kachibenthu ka mtengo, ndipo mtsikana wina anapsa dzanja. Basi. Koma ku Dunmow, kumene uthenga sunapite, anafa anthu makumi awiri ndi awiri, ndipo ena ochuluka anatengedwa. Ambiri ndinkawadziwa. Ndikanakhala kuti ndinanena zoona zonse, mwina Sajeni akanatumiza munthu. Mwinanso akanatumiza agalu. Ndayiyeza nkhaniyi kambirimbiri ndipo siilingana. Ndasiya kuiyeza, ndangoisenza.

Zikwakwa anazipeza ndi Sajeni yemwe, mkati mwa nkhondo, pamene ankakoka bedi la Mayi Crocombe kulichotsa pazenera. Anaziyang'ana, anandiyang'ana, n'kugwetseranso nsalu. M'mawa mwake zinapezeka kuseri kwa mulu wa nkhuni, ndipo Hezekiah Penwill amauza aliyense kuti ndi mngelo anazibisa. Masiku ano akandiona amavula chipewa. Sajeni yekha ndi amene anandipeza tsiku lina ndikuchapa, nati, "Mayi Hollet, ine sindikufunsani kanthu. Munthu wosafunsa sanamizidwa." Anasiya nsomba yaikulu pa mwala n'kumapita. Kuyambira pamenepo nsomba zimabwera Loweruka lililonse, ndipo wandisemera supuni zitatu. Musayambe kuganiza zina, achemwali. Munthuyo ndi wonenepa, amaliza mkonono mpaka linga lonse kumva, ndipo khutu lake latsala theka. Ndangokuuzani kuti mudziwe kuti ndiwo sitisowa.

Masabata asanu ndi awiri ndinakhala osadziwa ngati ndinathandiza kupanga mwana wanga kukhala wamasiye. Kunja sitinkaloledwa kutuluka. Kumayambiriro kwa Okutobala asilikali anatiperekeza akazi kukatola maungu amene anatsala m'minda. Ndinati ndikupita kuthengo, n'kuthamangira kukasupe kuja. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera. Ndinapisa dzanja m'mphako ya mtengo, ndipo munali kabokosi ka khungwa kosokedwa ndi mizu, kodzaza shuga wa madzi a mitengo, uja amapanga iwowo. Pa chivundikiro panalembedwa ndi nsonga ya mpeni chilembo D, choyang'ana chammbuyo monga ankalembera ali mwana ndisanamukonze. Pansi pake panali anthu atatu ataimirira, awiri aakulu ndi mmodzi wamng'ono. Pambali panali bwato ndi duwa.

Atatu, achemwali, onse ali chilili. Khungwalo linali laliwisi, losapitirira masiku ochepa. Ndinakhala pansi pa masamba n'kuseka ndekha mpaka ndinaopa kuti asilikali andimva. Bwato ndi duwa ndikuti zikutanthauza kuti adzabweranso maluwa akadzaphuka. Amene anagwa pansi pa mtengo uja anali mwana wa mayi wina, ndipo mayi ameneyo ndimamukumbukira m'mapemphero ngakhale sindimudziwa dzina.

Shuga uja tinadya ndi Mayi Crocombe pang'onopang'ono, chitseko chili chotseka. Iwo amati watsekemera mopitirira ndipo awononga mano awo awiri otsalawo, koma sanakane ngakhale tsiku limodzi. Ndinabwerera kumtengo kamodzi n'kusiyamo kansalu kamene ndinapetapo chilembo M chachikulu, kuti Damaris adziwe kuti tikufunsa za Micah. Kaya amva, kaya ayesa ndikunena za Malian, tidzaona. Mayi Crocombe akuti sakufa mpaka yankho litabwera, ndipo munthu ameneyu akanena chinthu amachita.

Tsopano ndiyankhe zimene munalemba. Mwati ndibwere ku Salem, kachipinda ka pamwamba kali kokonzeka, ndisafere kutchire kuno ngati nyama. Zikomo, ndipo muwathokozere alamu chifukwa ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yodzaza kale. Koma sindibwera. Chaka chatha mukanandiitana ndikanamanga katundu tsiku lomwelo, poti ndinkangokhala kuno kulondera manda a Josiah. Lero ndili ndi kangodya kanga m'chipinda cha Mayi Crocombe, ndimapota ubweya, m'mawa ndimaphunzitsa ana a m'linga zilembo, ndipo chimanga tinakolola chokwanira kufika m'chilimwe tikasamala. Nkhondo sinathe, ndikudziwa, ndipo chipata timatseka dzuwa lisanalowe. Komabe ndimagona tulo tabwino kuposa zaka zonse khumi ndi chimodzi zapitazi. Damaris amadziwa kasupe mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi pamene angandipeze. Ku Salem sangafike ndi kamtanda kake ka chipembedzo cha Afalansa m'khosi.

Ndikudziwa kuti kamtandako kakuvutani, nanenso kanandivuta. Koma ndinamuona mwana wanga ali wonenepa bwino, mano ali onse, ndipo mwamuna wake anaika moyo wake pachiswe chifukwa mkazi wake analira za amayi ake. Amuna a m'tchalitchi mwathu angati amene angachite zimenezo? Zinazo ndasiyira Mwini wake.

A Pell akadzabweranso chisanu chisanatseke doko, munditumizireko nsalu yofunda yofiira, mikono iwiri, ndi ulusi woyera, ndimusokere Malian chovala. Alamu akafunsa muwauze kuti ndi ya chiuno cha Mayi Crocombe, sikhala bodza lonse poti chotsala ndidzawapatsadi. Muwalonjere kwambiri. Mulonjere Hannah wanu ndi mwamuna wake, ndipo Jerusha mumuuze kuti amayi ake aang'ono amva zoti akukwatiwa ndipo akondwa, ngakhale sadzavina nawo. Mulonjere Mayi Toogood oyandikana nanu ngati akadali moyo. Mayi Crocombe akuti sakukudziwani bwino koma moni wawo mulandire.

Chotsiriza ndi ichi. Baibulo la bambo athu lili kwanu, ndipo patsamba loyamba pali mayina athu tonse ndi a ana athu. Mukapeze pamene pali dzina la Damaris. Pansi pake pali kampata. Tsiku lina muli nokha m'nyumba, mutenge cholembera mulembepo ndi zilembo zazing'ono kuti Malian, wobadwa mu Malichi 1703. Dzanja lanu ndi lokongola kuposa langa, ndipo mwanayo ali ndi mphumi yanu.

Mulungu akusungeni, achemwali anga, mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Keziah Hollet,
agogo ake a Malian.